Zipolopolo Makumi Anayi za a Kotze

Marandi 70. Umenewo ndiwo mtengo umene a Kotze ankati munthu amalipira m'sitolo pogula chipolopolo chimodzi cha .458, chija amaphera njati. Iwo ankachipanga okha m'kachipinda ka kuseri kwa galaja yawo ku Noordhoek, ndipo ankati chimawadyera marandi 18 basi. Tsiku limene Chakufwa Mhango anamva zimenezi anaima ndi tsache m'manja, mutu uli pa masamu. Phindu la marandi 52 pa kanthu kotalika ngati chala. Anafunsa ngati sangagulitseko, a Kotze anaseka mpaka kutsokomola, nati wogulitsa zimenezo popanda chilolezo amakagona kundende. Nkhani ya malonda inathera pomwepo. Koma mzunguyo anaona kuti wantchito wake wam'dimbayu manambala amamukhala m'mutu, ndipo anayamba kumuitanira m'kachipindamo.

Chakufwa kwawo ndi ku Embangweni, m'boma la Mzimba. Anatsika basi ku Bellville mu 2006 ali ndi chikwama chimodzi ndi nambala ya foni ya msuweni wake. Chaka chisanathe anali ndi tebulo lake la malonda ku Dunoon, pakhomo pa shaki yake yamalata: shuga, mpunga ndi ufa zoyeza pa sikelo, ndi parafini wa m'mabotolo. Thumba la shuga la makilogalamu khumi ankaligawa m'timapaketi makumi anayi osataya ngakhale supuni imodzi. Kutchalitchi anakumana ndi Jennie, mtsikana wa ku Kasungu, ndipo anakwatirana.

Kenako kunabwera Meyi wa 2008. Tsiku lina dzuwa litangolowa kunamveka miluzu kumsewu waukulu, kenako mapazi a anthu ambiri. Ankafuula kuti makwerekwere, kutanthauza anthu ochokera kumaiko ena, achoke. Chitseko anachithyola ndi mgwala, ndipo woyamba kulowa anali bambo wina amene m'mawa womwewo anagula botolo la parafini pa tebulopo. Ananyamula chigubu chonse n'kuchikhuthulira pa matiresi. Chakufwa atati agwire chigubucho, njerwa inamupeza pakamwa, mano awiri anagwera pansi, wina n'kumuponda pakhosi ndi jombo. Jennie anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Anamukokera panja ndi tsitsi, mayi wina n'kumamukwapula kumsana ndi waya uku akuseka. Anathawa opanda nsapato m'mbali mwa msewu wa N7, kumbuyo kwawo malata akulira ndi moto.

Anawasunga m'matenti ku Soetwater, m'mphepete mwa nyanja, mvula ndi mphepo zikuwamenya. Mwana wawo Angel anabadwa ali komweko. Chakufwa mabala anapola, koma Jennie china chake chinatsalira m'kati. Mpaka lero akamva mluzu, ngakhale wa mpira, amathamangira m'nyumba n'kudzitsekera, ndipo sagona tulo m'nyumba imene khoma lake lagundana ndi la anthu ena.

Kuchokera kumatentiko Chakufwa ankayenda pansi kupita ku Noordhoek, kugogoda pa mageti kufuna ganyu. A Kotze, mkulu wina amene anapuma ntchito ya padoko, anamupatsa kapinga kuti atchetche, kenako dimba lonse. Patapita miyezi mayi Kotze analemba Jennie ntchito ya m'nyumba, n'kuwapatsa chipinda cha kuseri. Chinali cha njerwa, chokhala ndi madzi otentha, m'kati mwa mpanda wa geti lotsekedwa. Usiku woyamba Jennie anagona mpaka dzuwa kutuluka. Chipinda chimenecho ndicho chinali chuma chawo chonse.

Lamulo la pakhomopo linali limodzi, ndipo a Kotze analinena Jennie ali pomwepo. M'kachipinda ka zipolopolo simulowa munthu kupatula amene iwo amuitana. Mayi amene ankagwira ntchito Jennie asanabwere anangosuntha chitini cha wonga pokolopa, n'kuchiika pafupi ndi hita yotenthetsera chipinda. Anachoka tsiku lomwelo, katundu wake ali m'mapepala akuda.

A Kotze ankakonda mfuti zolowa chipolopolo chimodzi basi: uwombe, utsegule, uchotse chigoba, uike china. Zothira zambiri ankati n'za anthu amanjenje. Zipolopolozo ankazipanga mosathamanga. Chigoba cha mkuwa chowombera kale ankachitsuka, n'kuchifinya m'makina a dzanja kuti chibwerere mwakale. Pansi pake ankaikapo kabatani katsopano koyatsa moto, n'kuyeza wonga pa kasikelo ka magetsi, kenako n'kukhomera mutu wa mtovu pamwamba. Chakufwa ntchito yake inali kutsuka zigoba, kuzisankha, kuziwerenga ndi kusesa. Wonga sankaloledwa kuukhudza, ndipo a Kotze akamayeza ankamuuza kuti atuluke kapena akhale chete kukhomo.

Komabe anaphunzira zambiri. A Kotze ankaimika zipolopolo zitatu pa benchi n'kumazilankhulira ngati ana awo. Cha .375 chinali chachitali, chowonda khosi, mutu wake magileni 300, ndipo magileni khumi ndi asanu ndiwo amapanga pafupifupi giramu imodzi. Chimenecho chimathamanga, chimapita kutali osagwa msanga. Cha .458 chinali chojintcha, mutu wake magileni 500, ndipo chimamenya mbali ziwiri, nyama kutsogolo ndi mwini mfuti kumbuyo. Chachitatu chinali .45-70, chachifupi, chonenepa, mutu magileni 405, chakalekale. Chimenechi ndicho ankachikonda koposa, chifukwa ankati chimamvera: ukafuna chofatsa chimafatsa, ukafuna chaukali chimalusa mpaka kuyandikira kwa mkulu wake .458.

Ankakayesera mfutizo ku famu ya mnzawo kufupi ndi Malmesbury, ndipo Chakufwa ankapita nawo kukanyamula katundu ndi kukhoma mapepala oloza. Tsiku lina a Kotze anamupatsa .458 ija.

"Gwira, Chakufwa. Ukanikize paphewa ngati ukuikonda."

"Abwana, ine kwathu ndinangoonako gogodera wa amalume, wothamangitsira anyani."

"Ameneyu ndi amalume ake a gogoderayo. Loza mgolo uwo."

Anawomba. Dziko linazima kaye. Atazindikira anali chikhalire pansi, chala chake chachikulu chitamumenya pamphuno, magazi akutsikira pa ovolosi. Mgolo wa madzi wa malita 200 unali utang'ambika kumbuyo kuchokera pamwamba mpaka pansi, madzi akuthamanga m'fumbi. A Kotze ankaseka atagwira mawondo. Phewa linada bii sabata yonse, ndipo Jennie polithowa ndi madzi otentha anati, "Bambo a Angel, mwaona anzanu akusewera ndi mphenzi nanunso mwati mulaweko?"

Za .45-70 a Kotze anali ndi mfuti ziwiri. Ina inali yatsopano, ya chitsulo chamakono, yolimba ngati ekiselo ya lole. Ina inali ya agogo awo, yopitirira zaka zana, yotsegukira pamwamba ndi kachitseko kachitsulo kumene chipolopolo chimalowera. Vuto lake linali lakuti chipolopolo chomwecho chimalowa m'mfuti zonse ziwiri, ndipo kunja sungasiyanitse chofatsa ndi chaukali. Mfuti yakale inkadya zofatsa zokha, za wonga wakuda ngati makala osinja, umene umatulutsa utsi woyera ndi fungo la dzira lovunda. Zaukali zinali za wonga wina wamakono, wopanda utsi, ndipo a Kotze ankazidontheza inki yofiira pansi pa chigoba.

"Chofiira chikalowa mwa agogo," ankatero, "kachitseko aka kadzatulukira kunkhongo kwako."

Mu Disembala 2014 mwana wawo Dewald anali kubwera kuchokera ku Pretoria kudzadya Khirisimasi, ndipo ankafuna kudzawombera mfuti ya agogo ija. A Kotze anapanga zipolopolo makumi anayi, makumi awiri zofatsa ndi makumi awiri zaukali, mitu yofanana. Anazisiya pa matabwa awiri pa benchi kuti inki iume, nati akabwera adzazitsekera mu sefa, kabati yachitsulo yosungiramo mfuti. M'mawa mwake ananyamuka ndi akazi awo kukalandira Dewald ku eyapoti, ndipo kuchokera kumeneko ankakadya nkhomaliro kwa achibale ku Durbanville. Kiyi wa kachipinda anamusiyira Chakufwa kuti asese ndi kutulutsa mapepala oloza. Mayi Kotze nawo anasiya mawu awo kwa Jennie: alendo akubwera, chilichonse cha mkuwa pakhomo pano chiwale.

Chakufwa anasesa, anatulutsa mapepala, kenako anamva paipi ya m'dimba itaphulika kumunsi kwa mpanda. Anathamangira kumeneko chitseko chili pululu. Paipiyo inamudyera nthawi. Pobwerera, matope ali m'mawondo, anapeza Jennie atakhala pakhonde la kuseri, thaulo lili pamiyendo, botolo la polishi pambali. Pa thaulopo panali zogwirira zitseko, belu, kamphika ka maluwa, ndi mulu wa zipolopolo zonyezimira ngati ndolo za mkwatibwi.

"Mayi a Angel, mwatani?"

"Taonani mmene zawalira. Zinali ndi timadontho tofiira kumatako, dzimbiri kaya chiyani, koma tachoka tonse."

"Munazitenga kuti?"

"Pa benchi. Sindinalowetu kwenikweni, ndinangoponda phazi limodzi. Madamu anati chilichonse cha mkuwa."

"Zinali pa matabwa awiri."

"Ee, ndinazithira m'beseni limodzi. Nanga si n'zofanana?"

Chakufwa anakhala pansi pa sitepe. Anatola chimodzi, anachitembenuza, anatola china. Zonse mbee, ngati zatuluka m'fakitale tsiku lomwelo. Atamufotokozera, Jennie anasiya nsanza ija kugwa. Sanalire. Anayang'ana chitseko cha chipinda chawo, pamene Angel anapachika chithunzi chake cha ku kireshi, sukulu ya mkaka, n'kunena motsitsa mawu:

"Ine ku Dunoon sindibwerera. Ngakhale ku mashaki a ku Masi pafupi apa. Mundiphe kaye."

"Palibe amene wanena za Dunoon."

"Mukawauza, pofika madzulo tili pamsewu. Mukudziwa zimene anamuchita mayi uja."

Apa m'pamene mutu wa malonda unayamba kugwira ntchito. Kunja n'zofanana, inde, koma m'kati si zofanana, ndipo chimene diso silingaone sikelo imaona. Anazinyamula kupita nazo m'kachipinda, anayatsa kasikelo ka a Kotze, n'kuyamba kuika chimodzichimodzi. Choyamba, chachiwiri, chachitatu chinatsika pang'ono, chachinayi chinakwera. Posakhalitsa miulu iwiri inayamba kuoneka yokha. Zina zinkalemera kuposa zinzake ndi giramu imodzi ndi kanthu. Anabwereza zonse kawiri. Atawerenga anapeza makumi awiri uku, makumi awiri uku, popanda chotsala pakati.

Mtima unakhala pansi. Masamu akakwana chonchi sanama. Funso linatsala limodzi: mulu waukali ndi uti? Kwa Chakufwa limenelo silinali funso n'komwe. Zaka ziwiri anayeza shuga pa tebulo lake, ndipo paketi yolemera ndiyo imakhala ndi shuga wambiri. Wonga wambiri, mphamvu zambiri. Anatenga inki yofiira n'kudontheza pa zolemera zonse makumi awiri. Itauma anazipukuta ndi nsanza ya girisi kuti kuwala kuzilale, n'kuziika m'mabokosi awiri mitu pansi, kuti poyang'ana pazioneka matako okha.

Galimoto italowa pageti madzulo, Chakufwa anali ndi mawu pakamwa. Anapita kukatsitsa masutikesi, anatsegula pakamwa, n'kuona Jennie ataima pazenera la kukhitchini akumuyang'ana. Anangoti, "Mwayenda bwanji, abwana? Zipolopolo ndaziika m'mabokosi." A Kotze anatsegula, anaona bokosi lofiira ndi bokosi loyera, anamusisita paphewa n'kukazitsekera mu sefa.

Anapita ku famu Loweruka m'mawa. Dewald anali chimunthu cha thupi, khosi ngati la ng'ombe, wokonda nthabwala zimene zimaseketsa iye yekha. Iyeyo ankamuitana Chakufwa kuti "Malawi".

"Malawi, ndamva kuti .458 inakukhazika pansi ngati mwana wa kireshi."

"Inandipatsa mpando, bwana. Ndinali nditatopa."

"Lero uime kutali. Agogo akatsokomola ungakomoke."

Pamalopo panali mabenchi awiri otalikirana mapazi ochepa, ndipo kutsogolo kunali chulu cha dothi chimene Chakufwa anakhomapo mapepala. A Kotze anakhala kumanzere ndi mfuti yatsopano ndi bokosi lofiira. Dewald anakhala kumanja ndi mfuti ya agogo ndi bokosi loyera. Onse awiri anavala zotseka m'makutu. Chakufwa anaima kumbuyo kwawo pakati, zala zili m'makutu, akuuza mtima wake kuti makumi awiri ndi makumi awiri sizingalakwike.

Anayamba ndi a Kotze. Anakanikiza phewa, thupi lonse litakonzekera kumenyedwa, n'kuwomba. Mfuti inangoti phuu, mofatsa, n'kuwakankha pang'ono. Kutsogolo kwake kunatuluka chimtambo cha utsi woyera, ndipo mphepo inabweretsa fungo la dzira lovunda.

Chakufwa anachotsa zala m'makutu. Utsi woyera m'chipolopolo chofiira. Ndiye kuti zolemera zija ndizo zinali zofatsa. Wonga wakuda umafunika wambiri kuti ugwire ntchito, pamene wamakono wochepa chabe umaposa pamenepo kutalitali. Anali atatembenuza zonse. A Kotze anadzutsa mutu, akuyang'ana utsiwo mosamvetsa, kenako anayang'ana bokosi lawo. Kumanja, Dewald anali atatseka kale kachitseko ka agogo pa chipolopolo choyera, atakoka tambala wa mfuti, kachitsulo kamene kamamenya chipolopolo, tsaya lili pa thabwa, diso limodzi lotsinzina.

"Bwana, musawombe!"

Dewald sanamve kanthu, makutu anali otseka. Chakufwa analumpha. Ankafuna kukankhira mfutiyo kumbali, kapena kuika dzanja pansi pa tambala kuti asagwe, iye mwini sadziwa bwino. Dzanja lake lamanja linafika pamwamba pa kachitseko nthawi yomweyo imene chala cha Dewald chinakoka.

Phokoso lake silinali la mfuti. Linali ngati chitsulo chikung'ambidwa pakati pa mutu. Kachitseko kanazuka, kanadutsa m'dzanja la Chakufwa, kanapala Dewald pamphumi n'kukaboola denga la malata pamwamba pawo. Thabwa la mfuti linasweka pawiri. Tizidutswa ta mkuwa ndi moto zinamwazikira Dewald kumaso. Chakufwa anagwera pa benchi n'kugubudukira pansi. Sanamve kupweteka. Anakweza dzanja kuti aone chimene chikumunyowetsa kumaso, n'kupeza kuti chala cha mkombaphala ndi chapakati palibe, chachitatu chikulendewera pa kachikopa, ndipo magazi akutumpha motsatira kugunda kwa mtima. Chala chimodzi chinali pa benchi, pafupi ndi bokosi loyera, chikhadabo chili ndi dothi la m'dimba.

Dewald anadzuka akubangula, nkhope yonse magazi, dzanja lili padiso lamanja. Ndi diso lotsalalo anaona munthu amene anagwira mfuti yake pamene ankawomba. Anatola chidutswa cha thabwa la mfuti n'kumumenya nacho Chakufwa m'mutu, kenako m'nthiti, kenako anayamba kumuponda ndi jombo, akutukwana m'Chiafrikaans. Chakufwa anadzipinda, dzanja lophwanyikalo ataliika m'khwapa. Anamva nthiti ikuthyoka. Jombo ina inamupeza pakamwa pomwe panali kale mpata. A Kotze, nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi awiri, anamugwira mwana wawo m'khosi chakumbuyo n'kugwa naye pansi.

"Wakupulumutsa, chitsiru iwe. Mutu wako ukanakhala uko, pa denga."

Anavula lamba wawo n'kumanga mkono wa Chakufwa pamwamba pa chigongono, anakoka mpaka magazi analeka kutumpha. Mwini famu anabwera akuthamanga ndi mathaulo. Anawakweza onse awiri kumbuyo kwa bakki, galimoto ya pikiapu, wina uku wina uku, magazi awo akusakanikirana m'mizere ya pansi n'kumayenderera kutsogolo ndi kumbuyo galimoto ikamakhota. Dewald anamusiya kuchipatala cholipira. Chakufwa anamupititsa ku cha boma.

Chala chachitatu madokotala anachimalizitsa. Anatsala ndi chachikulu ndi chaching'ono, ngati mpanda umene mitengo yapakati yazulidwa. Nthiti zinathyoka ziwiri. Za Dewald anamva kwa Jennie: moyo ali nawo, koma diso lamanja silidzaonanso.

A Kotze anabwera kuchipatala Khirisimasi itapita. Anakhala pa mpando wapulasitiki, chipewa chili pabondo, ndipo kwa kanthawi ankangoyang'ana bandeji.

"Ndazula mitu ya zonse zotsala," anatero. "Zofiira zonse, wonga wakuda. Zoyera zonse, wamakono. Ndikanalakwitsa ine, zikanasakanikirana. Izi zatembenuzidwa bwinobwino, mwaluso. Ndani?"

"Ndine, abwana. Ndinaziyeza pa sikelo."

"Chifukwa?"

"Inki inachoka. Ndinazipukuta ndi polishi."

"Iwe? Nsapato zako zomwe supolisha. Mkazi wako wanena kale kwa madamu, akulira pansi m'khitchini." Anapukusa mutu. "Ndiye unati zolemera ndizo zaukali."

"Ndimmene zimakhalira ndi katundu aliyense, abwana."

"Kupatula ameneyu." Kenako mawu anakwera. "Ukanandiuza, ndikanazizula zonse masana amodzi. Masana amodzi, Chakufwa. Ndikanakutukwana, ndikanataya wonga pang'ono, basi."

"Mukanatithamangitsa."

A Kotze anatembenuza chipewa chija kawiri.

"Mwina," anatero. "Ee. Mwina ndikanatero."

Za apolisi sizinapite patali. Dewald ankafuna kuti Chakufwa amangidwe, koma bambo ake ankadziwa kuti wapolisi akabwera adzayamba ndi kufunsa kuti zipolopolo zinkatani kunja kwa sefa, ndipo kiyi ankatani m'thumba la wam'dimba. Ananena kuti mfuti yakale inatopa yokha, ndipo nkhani inatsekedwa choncho. Koma mayi Kotze anati sangadye chakudya chophikidwa ndi manja amene anachotsa diso la mwana wawo, ndipo sangatsegule zenera m'mawa n'kuona anthu amenewo pabwalo. Anawapatsa mpaka kutha kwa Januwale. Chipinda chimene Chakufwa anatayira zala zitatu kuti achisunge chinapita ndithu.

Atatuluka m'chipatala anapeza Jennie atamanga kale katundu theka. Anali ataonda, maso atalowa.

"Bambo a Angel, ndakupundulani ndine."

"Munapukuta ndinu, anayeza ndani? Tiyeni tisawerengerane. Ndithandizeni batani ili."

"Ndiye tipita kuti?"

"Osati ku Dunoon."

"Mukulonjeza ndi chiyani? Khasu simungagwire."

"Khasu ayi. Koma pakamwa pali bwino, mutu uli bwino, ndipo zala ziwiri zimakwana kugwira chenji."

Sanangonena. Pa bedi loyandikana naye kuchipatala panagona bambo wina wa ku Mangochi, a Said, amene anathyoka mwendo atagwa pa makwerero. A Said amasoka matenti ndi maseilo a malole ku Maitland, ndipo kuseri kwa shopu imene amagwirako kuli chipinda chosungiramo nsalu chimene mwini wake amafuna munthu wogonamo, kuti akuba aziona nyale. N'cha njerwa, chili pachokha, mbali zonse n'mafakitale amene amatseka dzuwa likamalowa. Madzi otentha mulibe. A Said anati lendi yake ndi yocheperapo kuposa ya shaki ya zipinda ziwiri ku Dunoon, ndipo pamsewu umenewo m'mawa mumadutsa antchito mazanamazana ochokera kusiteshoni, koma palibe amene amawagulitsa tiyi kapena mandasi otentha. Chakufwa anafunsa mafunso ambiri mpaka nesi anawauza kuti atonthole: amadutsa nthawi yanji, ambiri ndi amuna kapena akazi, shopu yapafupi imatsegula liti.

Masiku ano amadzuka m'mawa n'kukhala pa sitepe ya chipinda chimene akuchisiya, akuphunzitsa dzanja lamanzere. Amalemba dzina lake, amamanga zingwe za nsapato ndi mano, amathira madzi m'makapu kuchokera m'ketulo mpaka mzere womwewo osataya. Dzanja lamanja limamupwetekabe pamene palibe zala, makamaka kukazizira. A Kotze amadutsa chapatali osalankhula. Kachipinda kaja n'kotseka, ndipo makina ake anawagulitsa kwa mnzawo wa ku Malmesbury. Jennie wayesa kale mandasi a mitundu itatu, a Said analawa n'kusankha a mtundu wachiwiri, a shuga wochepa.

Loweruka likubwerali akwera sitima ku Fish Hoek onse atatu, akasinthe ku Salt River, kuti Jennie akaone chipindacho ndi maso ake ndi kugogoda makoma. Akavomera, asamuka Lamlungu pa bakki ya mpingo. Lolemba Chakufwa akaima pakona ya msewuwo sitima yoyamba isanafike, wopanda katundu aliyense, kuti awerenge anthu odutsa. Akadziwa chiwerengero chawo m'pamene akagule ufa, mafuta ndi fulasiki.